Mphini za Alfie

Ku shedi yokonzera mabogi akale a sitima ku Harkerdale kunali lamulo limodzi, ndipo mwini wake anali a Clifford Raistrick: chimene kampani ya njanji sinaike, chichoke. Msomali wa masiku ano, uchoke. Penti ya munthu wamba, ichoke. Bogi izituluka m'shedimo monga inatulukira kufakitale, agogo athu asanabadwe. Ankanena zimenezi osakweza mawu, pensulo ili kukhutu. Anali kalipentala wopuma ntchito, wowonda, wosaseka chisawawa. M'shedimo munalibe wolandira malipiro, onse anali ongodzipereka, koma mantha amene anthu anali nawo pa a Clifford ankaposa a bwana wogwira thumba.

Hazel Metcalfe anakalambira kwa dokotala wa mano, kumupatsira zitsulo. Atapuma anayamba kubwera kushedi Lachinayi ndi Loweruka kudzasoka mipando. Imvi anali nazo, zidzukulu anali nazo, koma poti anzake onse anali madala oyenda ndi mapiritsi m'thumba, ankangomuti "mtsikana".

"Mtsikana, ketulo ija yafa kodi?" Awa anali a Norman Pickersgill, katswiri wa vanishi, mimba patsogolo, bondo lovuta.

"Manja muli nawo, achimwene."

"Manja anga ndi a vanishi. Mukufuna ndiwaononge ndi masupuni?"

A Norman anali mdani wa dzenje. Akaona kabowo pathabwa, ngakhale kolowa nsonga ya singano, tulo sankapeza mpaka atakamata ndi phala lawo lofiirira n'kupalapo ndi sandipepala. Anzawo ankati ukawodzera pafupi nawo kukamwa kuli yasa, udzuka atakumata.

Bogi imene ankalimbana nayo nthawi imeneyo ankaitcha Khola, ndipo dzinalo silinali lachipongwe. Kale kampani itatopa nayo inaichotsa mateyala n'kuigulitsa kwa munthu wina wophwanya miyala, amene anaikokera m'munda ndi akavalo n'kuisandutsa nyumba. Ana atakula n'kusamuka, munalowa nkhuku. Inafika kushedi ikununkha zitosi, denga litaboola, udzu utamera m'mawindo. Wina aliyense akanangoti nkhuni izi. Koma anthu aja, ha! Anaizungulira ngati aona mkwatibwi. Zaka zinapita akupala penti ndi tizitsulo, kuzizira kukuluma zala, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, mpaka thabwa lenileni linaonekera, lofiira bwino. Wina ankatha mwezi wathunthu akupukuta zogwirira za mkuwa. Wina anapita mpaka kugombe la nyanja kukagula sikuluu zakale kwa mkazi wamasiye wa wokhoma maboti. Kunyumba ankawanena kuti apenga, ndipo mwina anapengadi, koma Hazel anali asanaonepo misala yokongola chotero.

Amene anapereka bogiyo anali mayi Edna Sunter, mwana wa wophwanya miyala uja. Anabadwira momwemo. Tsopano anali nkhalamba yaing'ono yoyenda ndi ndodo, maso atachita nkhungu. Lachinayi lililonse ankabwera ndi keke ya jinja m'chitini, ndipo madala aja ankasiya zida ngati ana a sukulu amva belu.

Hazel ndi amene anaona kanthu. Mayi aja akapereka keke, ankapita pa chitseko chapakati cha bogi, n'kuyendetsa zala pa nsanamira ya chitsekocho, mbali yam'kati, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Akafika penapake ankaima, kenaka n'kubweza dzanja m'thumba la jasi. Tsiku lina Hazel anakasuzumira. Panali timizere tosema ndi mpeni, tondondozana ngati mphini.

"Amayi, izi n'chiyani?"

"Wandigwira eti?" Anaseka pang'ono. "Ndi Alfie, mlongo wanga wamng'ono. Tsiku lake lobadwa likafika bambo ankamuimika apa, n'kuika mpeni pamutu pake, n'kusema. Ine ayi, ndinali mtsikana, kutalika kwanga kunalibe ntchito. Tagwira yam'mwambayi."

Hazel anagwira. Inali yosazama ngati zinzake.

"Apo anali atadwala kale, matenda a pakhosi aja ankatha ana. Mayi anachita kumugwira m'khwapa kuti aime. Bambo dzanja linkanjenjemera, mpeni sunalowe. Sabata isanathe tinamuika. Chithunzi chake tilibe, mwanawe. Zithunzi zinali za olemera. Chimene chinatsala ndi ichi."

"A Clifford akudziwa?"

"Usawauze. Chopatsa n'chopatsa. Ine changa n'chimodzi: ndinabadwira m'sitima yosayenda. Alfie ankaima pakhomo apa kuliza wezulo ndi zala, ine ndili pawindo kutsanzika nkhuku, koma nyumba osasuntha. Ndikufuna ndidzaimve ikuyenda. Akuti idzayenda pa Pasaka eti? Afulumire, mtima wangawu wayamba zibwana."

Loweruka lotsatira Hazel anapeza nsanamira ija italembedwa mtanda waukulu wa choko. M'shedimo aliyense ankadziwa tanthauzo la mtanda wa a Clifford: thabwa loola, lichoke, likathere mu mbaula yowiritsira tiyi. Tsikulo a Norman kunalibe, anali kuchipatala ndi bondo lawo lija, ndiye panalibe wozimitsa moto ndi nthabwala. Hazel anawapeza a Clifford akunola tchizulo.

"A Clifford, mtanda uja mufufute."

"Chifukwa?"

Anawauza zonse, ngakhale analetsedwa. Za Alfie, za mpeni, za chithunzi chimene kulibe. A Clifford ankangonola, shwe, shwe, osadzutsa mutu. Atatha, anamutengera kubogi, n'kubaya kumunsi kwa nsanamira ndi sikuludiraiva. Inalowa ngati mu buledi.

"Mwaona?"

"Dulani koolako mulumikize! Si inu akatswiri?"

"Mahinjesi a chitseko amagwira pamenepa. Chitseko ichi chimatsegukira kunja, sitima ikuthamanga."

"Inu mtima mulibe. Mumakonda matabwa kuposa anthu. Lamulo, lamulo, kampani inafa kalekale, mukuilambirabe! Mwana wa eni ake mukamuwiritsire tiyi?"

Wa mkuwa uja anasiya kupukuta. A Clifford anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera.

"Mtsikana, pa Pasaka mudzakwera ana. Mwana amatsamira chitseko, ndi khalidwe lake. Mukufuna tikumbukire mwana mmodzi pogwetsa wina?"

Hazel anabwerera ku mipando yake atapsa mtima kwambiri. Madzulo ake nsanamira inazulidwa. Lachinayi atabwera anapeza mbaula ili lawilawi, matabwa oola akuthetheka. Tiyi wa tsiku limenelo sanamwe.

Nyengo yozizira inafika pachimake. Mayi Sunter anagwa m'bafa, n'kugonekedwa m'chipatala, n'kutuluka, koma kushedi sanabwerenso. Keke ankatumiza ndi mdzukulu wawo. Hazel atapita kukawaona, anawauza zoona, poti bodza sankalitha.

"Nsanamira ija anachotsa, amayi. Inali itaola."

Mayi aja anayendetsa zala pa bulangeti.

"Chabwino. A Clifford amadziwa ntchito yawo. Bola iyende."

Hazel analira m'galimoto ulendo wonse wobwerera. Kushedi anapitiriza kusoka mipando yake, kukoka nsalu, kukhoma timisomali, koma a Clifford ankangowapatsa moni wa pakamwa. Iwonso sanadandaule. Anapala nsanamira yatsopano, n'kuitengera kwawo ati kukamalizira m'garaja, n'kukhala nayo masabata angapo. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti madala akuchedwetsa ntchito, Pasaka sadikira munthu.

Lachinayi lina Hazel polowa anamva mawu a a Norman, amene anali atabwerera ndi bondo latsopano ndi pakamwa pakale.

"Ndikuti pali chitsiru m'shedi muno! Nsanamira yatsopanotsopano, wina waitematema ngati pokhapira nyama. Mwayi wake ndinabwera Lachiwiri ndekha. Ndamata zonse, ndapala, tagwirani muone. Tsaya la khanda!"

A Clifford anali ataima pa chitseko chapakati, nkhope itayera ngati pepala, manja ali lende. Hazel anayandikira. Nsanamira inali yatsopanodi, yolimba, mahinjesi atagwira bwino. Koma mbali yam'kati munali mutalowetsedwa kathabwa kakale, kakuda, kopyapyala ngati chikuto cha buku, kolumikizidwa mwaluso moti chikhadabo sichikanapeza polekezera. Pa kathabwako panali timizere ta phala lofiirira, tondondozana kukwera m'mwamba.

Kani a Clifford sanaotche zonse! Anacheka nkhope ya nsanamira yoola ija ndi sowo ya pamanja, pang'onopang'ono kuti isafumbutuke, n'kuiumitsa, n'kuimata mu yatsopano. Masabata onse aja m'garaja yozizira, osauza munthu. Ndipo kusauza munthuko n'kumene kunawapweteketsa.

"A Norman," anatero Hazel, "mwamata mwana wa mayi Sunter."

Atawafotokozera, a Norman anakhala pansi pa chitini cha penti. Nthabwala zonse zinauma.

"Mayo ine. Nanga osandiuza bwanji? Clifford, pakamwa unapatsidwira chiyani, kusungira mano?"

"Ndimati ndione kaye ngati guluu wagwira," anatero a Clifford. "Kulonjeza chinthu chisanatheke ndi bodza."

"Tingachotse ndi tchizulo?"

"Thabwalo n'lopyapyala. Tchizulo ing'amba."

Hazel anatembenuka. Anavala jasi n'kutuluka. Anabwera dzuwa lili pamutu ndi kachikwama ka nsalu kamene anakasunga m'kabati chipumire ntchito. Anakatambasula pa mpando: tizitsulo tosongoka tokolokosera mano, kagalasi ka pa ndodo, magalasi okuza zinthu.

"A Clifford, gwirani tochi. Apa. Ayi, m'munsi. Musanjenjemere."

"Sindikunjenjemera."

"Mukunjenjemera. Ndagwirira tochi madokotala moyo wanga wonse, ndikudziwa. Lero namwino ndinu."

Anagwada onse awiri, mawondo akulira. Hazel ankakolokosa phala lija kambewu kamodzikamodzi, n'kuuzira, n'kukolokosanso, kutsata njira imene mpeni unadutsa kalekale. A Clifford anagwira tochi osadandaula, dzanja lina likatopa n'kusinthira lina. A Norman ankangozungulira ndi makapu a tiyi amene palibe anawapempha. Ntchitoyo inadya tsiku limenelo ndi Loweruka lonse. Mphini zinabwerera imodzi ndi imodzi, zakuthwa ngati zasemedwa dzulo.

Inatsala yam'mwamba, yosazama ija. Phala linachoka mosavuta, koma sandipepala ya a Norman inali itadya thabwa lozungulira. Chimene chinatsala chinali kamzere koti ukayang'ana ndi tochi cham'mbali umakaona, ukazimitsa kasowa. Ndipo mayi Sunter sankaona ndi maso, ankaona ndi zala.

"Sadzaipeza," anatero Hazel. "Ndipo imeneyi ndi imene amaimapo. A Clifford, tengani mpeni muzamitse pang'ono chabe. Adzadziwa ndani?"

A Clifford anapukusa mutu.

"Mpeni unali wa bambo ake. Dzanja lonjenjemera linali la bambo ake. Ine ndikaikapo wanga, mayi aja adzakhala akusisita Clifford Raistrick. Chimene bambo ake sanaike, sitiika."

Hazel anaika kachitsulo kake pansi. Linali lamulo lomwe lija limene analitukwana, litangotembenuka. Anawayang'ana madala aja, tsitsi lodzaza utuchi, ndipo anachita manyazi ndi zimene anawanenera.

"Vuto ndi vanishi," anatero a Norman mwakachetechete. "Vanishi amathamangira m'maenje. Ndikapaka kambirimbiri monga timachitira, kamzereko kamira." Anakanda chibwano. "Ndisiyireni. Ndinaononga ndine."

Masiku a vanishi ku Harkerdale anali ngati masiku a mwambo. Pansi ankathira madzi kuti fumbi lisadzuke. Juzi yaubweya inali yoletsedwa, ngakhale kuzizire bwanji. Chitseko cha shedi chinkakhomedwa, ndipo woyetsemula ankathamangitsidwa. A Norman ankapaka, n'kudikira kuti ziume, n'kupala ndi madzi, n'kupakanso, mobwerezabwereza mpaka thabwa lizioneka ngati uli kuyang'ana pansi pa chitsime choyera. Koma nthawi iliyonse akafika pa kathabwa ka Alfie ankasiya bulashi yaikulu. Ankatenga kabulashi ka mdzukulu wawo kojambulira zithunzi, n'kugwada ndi bondo latsopano lija limene adokotala analetsa kugwadira, n'kukokolola vanishi m'kamzere kalikonse asanaume, mpweya atagwira. Munthu amene moyo wake wonse ankatseka maenje, tsopano ankatuluka thukuta kulondera dzenje kuti lisatsekeke.

Hazel anayesa ndi chala chake atatseka maso. Nthawi zina ankakamva, nthawi zina ayi. Sanauze mayi Sunter chilichonse. Anali ataphunzira kwa a Clifford kuti kulonjeza chinthu chisanatheke ndi bodza.

Pa Pasaka kunacha ndi kamvula kowaza. Pasiteshoni panadzaza anthu, ana ali pamapewa, fungo la malasha ndi la nyama yankhumba yokazinga lili ponseponse. Khola linaima kumbuyo kwa injini likunyezimira, zilembo zagolide m'mbali, mkuwa ukuthwanima. Madala a kushedi anavala mataye, ena kwa nthawi yoyamba chiikire akazi awo m'manda. Anthu ankajambula, koma iwo maso anali kugeti.

Mayi Sunter anafika pa njinga ya olumala, mdzukulu akukankha. Anali atachepa kwambiri, jasi ikuchita kuwameza. Anayang'ana bogi ija nthawi yaitali.

"Iyi si nyumba yathu," anatero. "Yathu inkadontha."

"Tikhoza kuboola denga ngati mukufuna, amayi," anatero a Norman.

Anawaimiritsa pa chitseko chapakati. Hazel anaona kuti dzanja lawo lamanja lili m'thumba la jasi, atalikanikiza, ngati munthu wodutsa pamanda amene sakufuna kuyang'anako. Mdzukulu anawagwira m'khwapa kuti awakweze. Hazel anaopa: akwera, akhala pansi, osagwira. Anatsegula pakamwa, koma a Clifford anamutsogolera.

"Mayi, pokwera timagwira apa. Ndi lamulo."

"Inu ndi malamulo anu," anatero mayi Sunter. Anatulutsa dzanja n'kugwira nsanamira.

Anaima chilili, phazi limodzi pa sitepe. Zala zinasuntha zokha. Zinatsika m'munsi, zinapeza mphini yoyamba, zinakwera. Ina. Ina. Pakamwa pankayenda popanda mawu. A Norman anatembenuka kuyang'ana kumbali, sakanatha kupenya. Zala zinafika pa mphini yotsatizana ndi yomaliza, zinakwera pang'ono, n'kudutsa. Zinapitirira pa thabwa losalala. Zinabwerera, n'kudutsanso. Hazel anagwira mkono wa a Clifford osadziwa kuti waugwira.

Kachitatu chala chamkombaphala chinayenda pang'onopang'ono, ndipo chinaima.

"Ndi uyu," anatero mayi Sunter. "Yosazama. Bambo dzanja linkanjenjemera." Anatembenuza nkhope kufunafuna. "A Clifford, Hazel anati yaola."

"Inaola kumunsi, mayi. Kumtunda kunali bwino."

Anangonena zomwezo, n'kutulutsa kansalu, n'kuyamba kupukuta chogwirira cha mkuwa chimene chinali chowala kale.

Anawakhazika pa mpando wa pafupi ndi chitseko, umene Hazel anasoka, pomwe dzanja likanafika pa nsanamira osadzuka. Hazel anakhala moyang'anizana nawo. A Clifford anatseka chitseko, n'kuchigwedeza kawiri monga ankachitira ndi chitseko chilichonse, n'kugwedeza mutu kwa gadi wa sitima. Wezulo inalira. Injini inatsokomola, maunyolo anakokana kuchokera kutsogolo, gwede, gwede, mpaka kufika pa iwo. Khola linanjenjemera, ndipo nsanamira za pasiteshoni zinayamba kubwerera m'mbuyo.

Mayi Sunter anatsegula maso kwambiri ngati kamtsikana. Chala chinali chikadali pa mphini ija.

"Alfie, gwiritsa," anatero. "Nyumba yanyamuka."